Makutu a Tiyese

Sukulu ya mkombaphala ya kwa Lemani, ku Chulu, inalibe nyumba yakeyake. Fodya akapita ku okushoni ana ankasonkhana m'chigafa cha a Duncan Mwale, ndipo masamba akayamba kuthyoledwa mu Januwale ankasamukira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa chigafacho. Mvula ikangoyamba, sukulu yaweruka. Mlezi wa anawo anali Consolata Phiri, mayi wamasiye wa mawu aakulu ndi mtima wapachala, amene anagwira ntchitoyi zaka zambirimbiri osalandirapo ngakhale sopo wochapira. Anthu ankamutcha madamu, iye osakana. Nanga malipiro ena akanawapeza kuti?

Phala la anawo linkachokera m'kamunda kamene mudzi unapatula. Chaka chikakoma, pogawana makuponi a feteleza ankasiyako thumba limodzi la kamundako. Chaka chikavuta ankaiwala, ndipo pofika Febuluwale phala linkakhala lamadzimadzi, loti supuni siimamo. Komabe ana ankabwera, aliyense ndi kapu yake, chifukwa m'makomo ambiri mwezi umenewo moto unkayaka kamodzi patsiku.

Chaka chimene ndikunenachi a Duncan analemba matenanti ochokera kummwera kuti adzawalimire fodya. Mmodzi mwa iwo anali Jeremiya, munthu wofatsa wa ku Phalombe, amene anatsika lole ndi mkazi wake Lefina, mphasa, mapoto awiri ndi mwana wamwamuna wa zaka zinayi dzina lake Tiyese. Tenanti kwathu kuno amakhala pamudzi koma si wapamudzi. Makuponi samukhudza, pamsonkhano amakhala kumbuyo, pamaliro ntchito yake ndi kuwaza nkhuni. Ana ake amakulira m'mizere ya fodya, manja ali bii ndi utomoni. Consolata zimenezi zinkamuwawa, ndiye anapita yekha kumisasa ya matenanti kukauza amayi kuti azitumiza ana, phala la kusukulu silifunsa kuti kwanu n'kuti.

Tiyese anayamba kubwera. Phala ankadya bwinobwino, zitsononkho ankaseweretsa ngati anzake, koma pakamwa pake sipankatuluka mawu. Anzake akamaimba iye ankangowayang'ana milomo. Poyamba Consolata anati ndi manyazi a mwana wachilendo. Kenaka anati kaya, mwina kwawo amayankhula Chilomwe chokhachokha. Ndiye tsiku lina chidebe chotungira madzi chinamupulumuka n'kugwera pamwala, phokoso lake mpaka nkhuku zinabalalika, ana onse anadzidzimuka, wina n'kuyamba kulira. Tiyese, amene anakhala chofulatira pafupi penipeni, anapitiriza kusanja zitsononkho zake. Consolata anamunyamula n'kumuyang'ana m'makutu, ndipo anapezamo mafinya, ena ouma ena aawisi, ndi fungo loti munthu n'kubweza mutu.

Lefina sanabise kanthu. Anati mwanayu anabadwa bwinobwino, mpaka anayamba kuitana amake, koma atangoyamba kuyenda anadwala kwambiri, thupi kutentha kosaneneka, ndipo kuyambira pamenepo makutu anayamba kuchucha. Anayesa mankhwala achikuda, anayesa mapiritsi, mafinya n'kuuma kwa kanthawi n'kubwereranso. Consolata anatengera mwanayo kwa mlangizi wa zaumoyo tsiku la sikelo. Mlangiziyo anakuwa pafupi ndi khutu lakumanja, mwana zii. Atakuwa kumanzere, mwana anaphethira n'kutembenuka pang'ono. Anati khutu lakumanzerelo likadali moyo, koma likufunika dokotala weniweni wa makutu, wa zida zake, ndipo asachedwe chifukwa mafinya akamapitirira nalonso lifa. Dokotala woteroyo ku Chulu ungamupeze kuti? Ngakhale ku boma sankakhalako, ankachita kubwera mwa apo ndi apo.

Kuyambira tsiku limenelo Consolata ankamukhazika Tiyese patsogolo, pafupi ndi mawondo ake, kuti aziona pakamwa. Mwanayo anamuzolowera. M'mawa ankamudikira panjira n'kumulanda chikombe kuti anyamule iye, ndipo ana ena akamuseka, mawu a madamu ankamveka mpaka kuchigayo.

Mvula itakhazikika, wailesi inayamba kulengeza kuti boma laika ndalama zothandizira ana ovutika adakali aang'ono, asanafike ku pulayimale. Ankati kudzakhala ufa wa phala, maphunziro a alezi, ndiponso ana osamva, osaona bwino ndi ochedwa kuyenda adzaonedwa ndi madokotala msanga. Zambiri za pa wailesi timangozimva n'kupitiriza kupalira. Koma ulendo uno uthenga unafikadi pamudzi, woti mu Febuluwale kubwera munthu wa ku ofesi yoona za ana kudzayendera sukulu za mkombaphala za ku Chulu, Kaomba ndi Simlemba, kuti asankhe zoyamba kuthandizidwa. Consolata anaumva uthengawo. Za ufa anaziganiza, za maphunziro anaziganizanso, koma chimene chinamusowetsa mtendere chinali khutu lakumanzere la Tiyese.

Komiti ya sukulu inakumana, wapampando wake ali a Duncan omwe aja, eni chigafa. Iwo anati boma silitaya ndalama pa anthu aulesi. Lidzasankha sukulu zimene zikuoneka kuti zikuyenda, ndipo anamva kuti ku Kaomba anthu ayamba kale kupaka laimu. Ndiye alendo adzapeze ana a kwa Lemani ali pansi pa mango, ali mbuu, akumwa phala lopanda mchere? Ayi, zimenezo n'zochititsa manyazi. Anagwirizana zobwereka tchalitchi, cha malata ndi simenti pansi. Anagwirizananso kuti khomo lililonse lipereke mtedza wa nsinjiro, a Duncan agula shuga, ndipo wina akabwereke zithunzi za zilembo kwa aphunzitsi a ku pulayimale n'kuzimata kukhoma.

Koma abale, anthu ife! Nthawi yolemba maina a makuponi timadziwa kusauka kuposa aliyense. Munthu wa ng'ombe zake amavala sanza, gogo amene tinaika kale amadzuka n'kukhala ndi khomo lake, mudzi wonse umasanduka wa amasiye okhaokha. Koma ungotiuza kuti kukubwera alendo kudzaona ana, basi umphawi wonse timaukankhira pansi pa bedi. Timasesa mpaka kumsewu, timapha nkhuku yomaliza. Tinaleredwa kuti mlendo asaone zilonda zathu, ndipo palibe anaimirira pamsonkhanopo kufunsa kuti kodi mlendo ameneyu akubwera kudzafuna chiyani.

Consolata nayenso sanafunse. Kunena zoona, nkhaniyi inamukomera. Zaka zonsezi ankaphunzitsa ana kulemba padothi ndi chala, mbuzi zikudutsa pakati pa kalasi, ndiye tsiku limodzi lokha kuima m'nyumba ya malata pamaso pa anthu a boma, n'kulakwa? Anaphunzitsa ana nyimbo yolandirira alendo mpaka anasasa mawu. Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, anasonkhanitsa amayi onse n'kuwauza kuti mawa mwana aliyense abwere atasamba ndi sopo, atadzola mafuta, atavala za Lamulungu, pasapezeke wochititsa mudzi manyazi. Lefina anali kumbuyo monga mwa nthawi zonse, atangochoka kosoka fodya. Anagwedeza mutu pamodzi ndi anzake. Consolata anamuona, koma sanaganize zomuitanira pambali kuti iwe, tsiku la mawali ndi la mwana wako. Ankayesa kuti n'zodziwikiratu.

Boma timalidziwa ndi kuchedwa, koma tsiku limenelo linalawirira. Galimoto yodzaza matope inaima pabwalo amayi adakasanja mabenchi. Anatsikamo a Pearson Gondwe, bambo wamtali wooneka wotopa, amene sukulu zina zambiri zinkamudikirabe tsiku lomwelo. Anapeza m'tchalitchi muli mbee, ana akuwala ndi mafuta, atsikana m'madiresi a pa Khirisimasi, phala likununkhira nsinjiro. Ana anaimba, anatchula zilembo, wina analakatula ndakatulo mpaka kumapeto osaphonya. Consolata anali ataona kale kuti Tiyese palibe, koma phala linkafuna kutakasa, nyimbo inkafuna woyambitsa, ndipo mumtima ankangoti abwera, achedwa ndi kumusambitsa.

A Gondwe anayamikira zonse. Kenaka anaika kapu ya phala pansi n'kufunsa.

"Madamu, kodi pali mwana amene akukudetsani nkhawa? Wosamva, wosayenda bwino, woonda kwambiri? Ine amene ndadzera kwenikweni ndi ameneyo."

Consolata asanatsegule pakamwa, a Duncan anali atayankha kale, akumwetulira. "Kuno ayi, bwana. Ana athu onse ndi athanzi, mukuwaona nokha."

Kutsutsa wapampando pamaso pa alendo si chinthu chapafupi, makamaka pamene chigafa chimene umaphunzitsiramo ndi chake. Komabe Consolata anayankhula.

"Alipo mmodzi, bwana," anatero. "Mwana wa tenanti. Samva."

A Gondwe anafunsa kuti mwanayo ndi uti, ndipo mayi wina wa kumisasa ndiye ananena chapansipansi kuti Lefina wamubereka m'mamawa kupita naye kumunda wa kudambo. A Gondwe anasuzumira pawindo. Chakumpoto kunali kutada bii. Anati lamulo la ntchito yawo ndi loti mwana amuone ndi maso, zongomva sangazitenge, ndipo adikira pang'ono, koma mvula ikayamba ayenera kuoloka mtsinje usanadzaze.

Consolata anavula nsapato za kutchalitchi n'kuliyatsa liwiro. Munda wa kudambo ndi kutali, ndipo iye sanalinso mtsikana. Mvula inamupeza panjira. Anakapeza Lefina atabisala pansi pa mtengo, mitolo ya masamba ili pambali, Tiyese atamufunditsa thumba la feteleza. Sanayankhule zambiri, anangokwatula mwana n'kumuponya kumsana. Pamene ankafika kutchalitchi, atanyoweratu, chitenje chikumata m'miyendo, anapeza galimoto itapita, pabwalo patangotsala mizere ya matayala m'matope. Amayi anali akugawana phala lotsala. A Duncan anamuuza pamaso pa onse kuti wawavula, tsiku linayenda bwino lonse iye n'kuliipitsa ndi nkhani ya mwana woti si wa pamudzi pano n'komwe. Consolata anawayankha mawu amene sindingawabwereze pano.

Madzulo ake anapita kumisasa ukali uli m'khosi, wokonzeka kumukalipira Lefina. Anamufunsa kuti wachitiranji zimenezi, tsiku lokhalo limene mwana akanaonedwa. Lefina anayankha maso ali pansi, akutokosa utomoni m'zikhadabo.

"Munati osamba ndi ovala bwino, madamu. Sopo tilibe, malaya ake ndi omwewa mukuwaonawa. Ndiye ndi fungo la m'makutuli, pamaso pa alendo? Ndinati ndisakuchititseni manyazi, inu amene mumatichitira zabwino."

Ukali uja unathera pomwepo. Consolata anakhala pa mphasa yonyowa, manyazi atamugwira. Anadziwa kuti mawu amene anathamangitsira mwanayo kudambo anatuluka pakamwa pake pomwe.

Yankho la ku boma linabwera fodya ali pakati pouma. Sukulu zimene zinasankhidwa zinali za ku Simlemba ndi zina kumene mlendo anapeza ana ali pansi pa mtengo, m'poto mulibe kanthu. Ya kwa Lemani, ati, ikuyenda bwino payokha, anthu ake ndi ogwirizana, ndipo ena azibwera kudzaphunzirako. A Duncan anayenda akuuza aliyense kuti ndife chitsanzo, kufikira pamene akazi awo anawafunsa kuti chitsanzocho ana adzachimwa ndi supuni yanji. Shuga anali atatha kalekale, zithunzi zija zinabwerera kwa eni ake, ndipo ana anali pansi pa mango monga kale.

Consolata sanagonje. Anati ngati boma labwera n'kutiphonya, tililondola komweko. Koma vuto linali fodya. Nyengo imeneyo tenanti sadwala, sapita kumaliro akutali, masamba akathyoledwa amayenera kusokedwa n'kupachikidwa tsiku lomwelo, apo ayi atentha pamulu n'kuwola. Jeremiya anati iye sakukana, mwana ndi wake, koma mkazi akachoka tsiku lathunthu mulu wa masambawu asoka ndani, ndipo bwana adzati chiyani? Consolata anamuyang'ana, n'kuyang'ana muluwo, n'kunena kuti asoka iye. Anagulitsa tambala wake kuti Lefina apeze yokwerera yopitira ku boma ndi mwana, anauza makolo kuti mawa kulibe sukulu, ndipo m'mawa mwake madamu a kwa Lemani anakhala pansi m'chigafa pakati pa matenanti, singano yaitali ili m'manja.

Anthu anabwera kudzasuzumira, ena kudzaseka. Iye anasoka osadzutsa mutu. Pofika masana msana unali utauma, zala zitatupa, fungo la fodya wamuwisi likumuchititsa chizungulire ndi nseru. Anaganiza za ana amene amakhala m'menemu tsiku ndi tsiku akupatsira amayi awo masamba, ndipo anatukwana chamumtima, kaya ankatukwana ndani.

Lefina anabwera dzuwa likulowa, mwana ali m'tulo kumsana, m'manja muli kabotolo ka mankhwala odonthezera. Anati a Gondwe anawapeza, ndipo anamukumbukira mwanayo iye asanamalize n'kufotokoza komwe. Anamuyang'ana m'makutu, anapita naye okha kuchipatala kukatenga kabotoloko, koma ananena mosabisa kuti dokotala wa makutu anabwera kale, anaona ana a sukulu zosankhidwa zija n'kubwerera, ndipo ndalama za gawo loyamba zatha. Gawo lachiwiri lidzatuluka bajeti yatsopano ikadutsa. Dokotala adzabweranso mu Ogasiti, ndipo galimoto idzafika kwa Lemani kudzatenga Tiyese, iwo alonjeza. Chachikulu mwanayo adzapezeke pamenepo. Lefina anawafunsa ngati kwawo ku Phalombe thandizo lotere liliko, iwo anati sangamunamize, sakudziwa, ntchitoyi yangoyamba m'madera ochepa.

Ogasiti! Tenanti amene amafika Ogasiti adakali pamsasa ndi uti? Mabelo akadindidwa n'kupita ku okushoni, bwana amathana ndi anthu ake, phoso limatha, lole imabwera, basi. Chaka chimenecho mitengo ku okushoni inali yomvetsa chisoni, ndipo a Duncan ananeneratu kuti sangadyetse munthu ntchito itatha, ndiponso za chaka chamawa sakulonjeza, aona nthawi yofesa nazale ya fodya. Jeremiya naye anali ndi mayi ake okalamba kumudzi ndi nyumba yofuna kufolera. Panalibe woipa pamenepo woti n'kumuloza chala, n'chifukwa chake Consolata zinkamupweteka kwambiri.

Mankhwala a m'kabotolo anaumitsa mafinya kwa kanthawi, kenaka anatha. M'mawa uliwonse Consolata ankaitana Tiyese pafupi ndi khutu lakumanzere. Mu Epulo ankatembenuka akangomuitana mwamphamvu pang'ono. Pofika Juni ankachita kukuwa, ndipo masiku ena mwanayo ankangopitiriza kudya phala lake.

Ndiye Consolata anachita chinthu chimene munthu sachita wamba. Anapempha a Duncan kuti amuperekeze ngati mboni, ndipo iwo, amene chiyambire tsiku la alendo lija ankamulambalala, anavala chipewa n'kutsogola osafunsa zambiri. Atakhala pakhomo pa msasa wa Jeremiya, Consolata anapempha kuti Tiyese atsale naye. Adzamusunga ngati wake, adzapita naye yekha kwa dokotala, ndipo makolo adzamupeza akadzabwera, apo ayi iye mwini adzamuperekeza mpaka ku Phalombe. Jeremiya anati iye alibe mphamvu zosiya mwana, kwawo mwana ndi wa kuchikazi, afunsidwe amalume ake. A Duncan anatulutsa foni. Mlongo wake wa Lefina, atamva nkhani yonse, anati iye ali kutali, makutuwo sakuwaona, amene anabereka ndiye anene. Onse anatembenukira kwa Lefina. Iye anadzuka n'kulowa m'msasa.

Sanayankhe tsiku limenelo, ngakhale masiku otsatira. Akakumana ndi Consolata pachitsime ankapereka moni n'kusenza ndowa yake. Consolata sanamukakamize. Iyenso anabereka, ankadziwa kukula kwa chimene anapempha. Umusiyire mwana munthu amene wamudziwa chaka chomwechi, kudziko la eni, mwana woti sangakuuze n'komwe ngati akumumenya? Ndipo umusiye chifukwa cha lonjezo la galimoto ya boma? Akanakhala iye, kaya akanavomera.

Lole inafika Loweruka lina m'mawa, kukuzizira, mphepo ya Julaye ikuulutsa fumbi m'minda yopanda kanthu. Matenanti anayamba kukweza mphasa, matumba a chimanga, njinga yatsopano ya wina. Consolata sanapite kukatsanzika. Anakhala pakhonde pake akutongola chimanga, mtima ukuwawa, akudziuza kuti zatha, wayesetsa. Atadzutsa mutu anaona Lefina ataima pabwalo, dzanja lina atagwira Tiyese, linalo jumbo yakuda.

M'jumbomo munali kabudula, malaya, buku la kusikelo ndi kansalu koyera kong'ambidwa tizidutswa. Lefina anagwada n'kuyamba kufotokoza mofulumira, ngati munthu woopa kuti akaima sayambanso. Anasonyeza mmene amapotera kansaluko popukuta mafinya, osalowetsa kwambiri. Anati akagwira pamimba si njala ayi, ndiye kuti akufuna kuchimbudzi, njala amagwira pakamwa. Madzi asalowe m'makutu pomusambitsa. Agalu amawaopa chifukwa amangowaona atafika kale. Pogona azigundana ndi munthu, chifukwa akadzidzimuka mumdima alibe china chomuuza kuti sali yekha.

"Nanga timuuza bwanji?" anafunsa Consolata.

Panalibe njira. Zoti ndikupita, Lefina akanatha kumusonyeza ndi manja. Koma zoti ndidzabweranso fodya akadzafesedwa, manja ake sankadziwa kuzinena. Ndiye anagwirizana kuchita zimene amayi amachita ndi mwana wamng'ono womata, kumuzemba. Consolata ananyowetsa dothi la pachulu, anakhazika Tiyese kuseri kwa nyumba chofulatira msewu, n'kumuumbira ng'ombe imodzi. Mwanayo anaseka n'kuyamba kuumba yake, lilime lili panja.

Lefina anaima kumbuyo kwake, pafupi moti akanatha kumugwira tsitsi. Mwana wina aliyense ukamamuzemba umanyang'ama, osatsokomola n'komwe. Iye anayankhula mokweza, mawu onse bwinobwino.

"Tiyese, mwanangu, ine ndikupita. Sindinakutaye ayi. Usawavute madamu. Adokotala akadzakukonza khutulo, ndidzakuitana uli kutali iwe n'kutembenuka."

Mwanayo anali kalikiliki kumata nyanga. Lefina anadikira pang'ono, kaya ankadikira chiyani, kenaka anatembenuka n'kuyenda mofulumira, atatseka pakamwa ndi chitenje. Kumsewu lole inaliza hutala, injini inabangula, anthu anakuwa motsanzikana, agalu anaiuwa n'kuithamangitsa mpaka kumlatho. Mudzi wonse unamva. Consolata anakhala pambali pa mwanayo akumupatsira dothi, misozi ikutsika, n'kumaipukuta msanga ndi phewa kuti asaione.

Dzuwa litafika pamutu ng'ombe zinali zitachuluka. Tiyese anasankha yokongola kwambiri n'kudzuka. Anayang'ana pakhonde, anayang'ana kukhitchini, kenaka anauyamba wa kumisasa, ng'ombe atainyamula ndi manja awiri kuti ingathyoke. Consolata anamutsatira chapatali. Msasa wawo unali wotsegula, chitseko cha mapesi chitagwera pambali. Mwanayo analowa, anatuluka, anazungulira kuseri, analowanso. Kenaka anaima pakhomo n'kutulutsa liwu lalikulu losamveka, kamodzi kokha, n'kudikira akuyang'ana uku ndi uku.

"Bwera kuno, mwanangu," anaitana Consolata ali kumbuyo kwake.

Mwanayo sanatembenuke. Consolata anazungulira n'kukagwada kutsogolo kwake, pamene akanatha kumuona nkhope, n'kutambasula manja onse awiri. Tiyese anayang'ana manjawo, anamuyang'ana kumaso, ndipo anabisa ng'ombe ija kumsana. Ng'ombeyo sanaumbire madamu, inali ya amake.